A Zuze, Wofunsa Mayina

Tsiku limene ndinayamba ntchito yochapa zofunda pa pensau ya pamsewu waukulu wa ku Milange, nyumba ija yogona alendo, azakhali anga anandikokera kuseri kwa thanki ya madzi. "Mwanawe," anatero, "pamalo ngati pano usamaope woledzera, usamaope wokalipa. Amenewo kukacha akwera galimoto, apita. Uziopa munthu wofunsa mayina." Mawu amenewo ndinawamanga pansonga ya kapulana yanga, nsalu yomanga m'chiuno, ndipo ndi amene andifikitsa pa ukalamba uno, anzanga onse atagona kale. Koma munthu woyamba kundifunsa dzina pakhonde la pensau ija anali a Zuze a bangwe. Sindinawayankhe. Anaseka, n'kunena kuti palibe kanthu, alipeza lisanalowe dzuwa. Analipezadi, ndi la mayi anga lomwe.

Mwezi wathawu kunabwera anyamata ochokera ku Kelimane ndi makwerero ndi zitini za penti. Ankagona ku hotela yatsopano ya kufupi ndi chipata cha malire, m'mawa n'kumabwera kudzajambula pakhoma limodzi lotsala la pensau yathu. Akuti akumbukira woimba wa kwathu kuno, popeza nyengo yozizira ngati ino ndi imene anatisiya. Atamaliza kunafika akuluakulu pa magalimoto, wina analankhula Chipwitikizi chachitali anthu akupsa ndi dzuwa, ana asukulu anavina. Ine ndinaonerera pampata wa mpanda wanga. Mtsikana wina wonyamula kamera anandiona, n'kundiitana agogo m'Chipwitikizi. "Vovo, akuti inu munkawadziwa bwino?" Ndinamuuza kuti ndine mlendo kuno. Munthu wobisa diso kuseri kwa galasi sindimuuza kanthu.

Koma chithunzicho ndimadzuka nacho tsiku lililonse, chifukwa chayang'anizana ndi khomo langa. Pakhomapo pali mnyamata wa masaya onona, wavala jekete, wanyamula gitala, zala zake zonse zilipo. Amenewo si a Zuze. Ndipo mwa anthu amene tinakwera nawo galimoto ya nandolo nthawi ya nkhondo, kuno ndatsala ndekha. Ndikangokhala chete, mnyamata wa jeketeyo ndiye apambana.

A Zuze anali munthu wamfupi, wouma ngati chinangwa cha padenga. Anali kale ndi imvi pamene ine ndinali ndi mwana kumbuyo. Nsapato anali nazo, koma ankazipachika m'khosi, amati msewu umadya nsapato osabweza, pamene phazi limaphukanso. Gitala sanaigwirepo. Chawo chinali bangwe: kathabwa komangidwa mawaya a mabuleki a njinga, kolowetsedwa m'chitini cha palafini, pamwamba pake zitsekerero za mabotolo zolira cheke-cheke. Akuti ali mnyamata ankathyola tiyi m'munsi mwa phiri la Tumbine, mkazi wawo atamwalira pobereka anatseka chitseko n'kuponya kiyi mu mtsinje. Ine sindinaone kiyiyo, ndiye sindilumbirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyumba analibe. Kwawo kunali pamsewu.

Madalaivala a makamiyau, malole aja onyamula matumba, ankawakweza ulere pamwamba pa katundu. Pa pensau iliyonse kuyambira kuno mpaka ku Mocuba anali ndi kangodya kawo pansi pa khonde, ndipo eni ake sankawathamangitsa, popeza kumene kuli a Zuze alendo sankafulumira kuchoka patebulo. Kwathu malo awo anali sitepe yapansi, kumanzere, pamene pamayamba kufika dzuwa la m'mawa.

Ntchito yawo yeniyeni inali yonyamula mauthenga. Ambiri a ife kalata sitinkaidziwa, ndiye mayi ankabwera n'kunena kuti, a Zuze, mukafika ku Majaua mukandiimbire kuti mwana wabadwa, ndi wamkazi, agogo ake abwere ndi nkhuku. Iwo ankafunsa dzina, mudzi, dzina la mayi wokubala, ndi kamodzi kochititsa manyazi ka pabanja panu koti anthu akasekere. Akafika pamsika wa kumeneko ankaziimba zonse, uthenga n'kupeza mwini wake usanathe msika. Maliro, maukwati, wothawa mkazi, wobwerako ku migodi, zonse zinkayenda m'chitini chija. Ankakonda kunena kuti munthu amene palibe womutchula dzina wafa kale, angotsala kumukwirira. Ankatinso bodza lili ngati denga, silingaime popanda mizati ya zoona.

Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi. Ankapukutira mawaya awo pangodya ya nsalu zanga zoyera zili pachingwe, n'kusiya mizere ya dzimbiri, patarau mwini pensau n'kumakalipira ine. Makombo a alendo amene ndinkasungira mwana wanga ankawapeza kulikonse kumene ndabisa. Ndikawakalipira ankagwada pafumbi n'kuomba m'manja. "Pepani a Polisi a Zofunda! Mundimange ndi chingwe chomwecho, koma chikhale chochapa." Anandiimbapo pamaso pa madalaivala kuti amake Feli amanunkhiza madzi a mu mtsuko wawo womwe asanamwe. Anthu anaseka mpaka kugwetsa makapu. Zinali zoona, ndipo mpaka lero ndimatero. Koma ndinadzifunsa kuti munthu ameneyu anandiona liti, ndipo ndi zingati zina zimene akuona.

Feli ndi mwana wanga Felisiyanu, mmodzi yekhayo amene anakula. Ndinamuphunzitsa ndi manja otupa ndi sopo mpaka anakhala pulofesolo, mphunzitsi, pa sukulu ina ya kumudzi cha ku Mongue. Nkhondo itafika kwathu, ulemu umenewo unasanduka imfa. Anyamata a m'tchire ankaotcha masukulu ndi zipatala, ankasaka aliyense wodya za boma: masekeletale a midzi, anamwino, aphunzitsi. Sankafuna mapepala. Ankangoti tambasula manja. Mlimi amadziwika ndi zikhatho.

Nditamva kuti sukulu yoyandikana ndi yake yapsa, ndinapita ndekha kukamutenga. Mkazi wake ndi khanda ndinawatsogoza wapansi ndi anthu ena. Feli ndinamuotchetsa mabuku, ndinamuveka kabudula wong'ambika wa malemu bambo ake, ndinamupaka phulusa m'miyendo. Koma manja anandikanika. Ndinawakhula ndi mchenga, ndinawapukusa pamphero, anangofiira basi, ofewa ngati kale. Manja a choko.

Ndinamva mwakachetechete kuti kamiyau ya wamalonda wina inyamuka m'mawa mwake ndi nandolo kupita ku Milange. Sindinauze munthu. Ndikudutsa pamsika wa Mongue, ndinamva cheke-cheke pansi pa mtengo wa mango, ndi mawu aja osasa akulengeza kuti mawa a Zuze akwera ya nandolo, amene ali ndi uthenga wa ku Milange abwere nawo. Ndinadikira anthu apatuke.

"A Zuze, pakamwa panupo padzatiphetsa. Nthawi zino n'zolengeza tsiku la galimoto?"

"Amake Feli, galimoto imabisika? Ikatsokomola ku Mongue, agalu a ku Majaua amauwa."

"Ndiye mwana wanga musamutchule. Mwamva? Ngakhale kumulota."

Anayang'ana Feli, amene anaima patali atazolika. "Mwana uti? Ine ndikungoona kabudula wa malemu amuna anu akuyenda yekha."

Tinakwera anthu ambiri pamwamba pa matumba. Panali namwino wina amene anadzimanga duku ngati wogulitsa tomato, panali mkatekisiti wa tchalitchi chathu, amayi a nkhuku m'manja, achinyamata angapo. Panjira anatiimitsa bambo wina wa malaya abuluu, atanyamula kasutikesi ka katoni komangidwa ndi luzi. Sanali wa kwathu. Anakhala pafupi ndi a Zuze, ndipo iwo, mwa chizolowezi chawo, anamugwira bondo.

"Achimwene, dzina ndani? Kwanu n'kuti?"

Bamboyo anangomwetulira n'kuyang'ana kumbali. Anamufunsanso m'Chilomwe, kenako m'Chipwitikizi chawo chothyokathyoka. Iye anapukusa mutu, n'kukumbatira kasutikesi kake. Ine mumtima ndinati, pagalimoto yonseyi wanzeru ndi uyu. Wina anamulangiza bwino, ngati mmene anandilangizira azakhali.

Dzuwa lili paliwombo tinafika pa kamlatho ka mitengo, ndipo patsogolo pake panali mtengo wogwetsedwa mopingasa msewu. Mfuti zinalira. Dalaivala anafera pachiwongolero. Anyamata a m'tchire anatitsitsa ndi zidendene za mfuti n'kutindandalitsa m'mbali mwa ngalande, manja patsogolo, zikhatho kumwamba. Kumandanti wawo anali mnyamata wamng'ono kwa Feli, atakulunga kapulana ya munthu m'khosi, ndipo Chinyanja chake chinali cha kwathu konkuno. Ataona chitini cha palafini anaseka.

"Ee, madala! Si inu munaimba pa ukwati wa mlongo wanga? Anyamata, lero sitivutika. Awa amadziwa nkhuku iliyonse ya msewu uno ndi tambala wake." Anawakankhira kumayambiriro kwa mzere. "Tiimbireni anthuwa mmodzimmodzi. Dzina, mudzi, ntchito. Mukanama ndidziwa, inenso ndine wa kuno."

Ndinatseka maso. Ndinadziwa kuti tsiku limene azakhali ankanena lija lafika, ndipo mwana wanga ali m'kamwa mwa munthu amene sanasungepo chinsinsi ngakhale cha mtsuko wanga.

Bangwe inalira. Anayamba ndi mayi wa nkhuku, anamutchula bwinobwino ndi mudzi wake. Atafika pa namwino anatchula dzina lake lenileni, mudzi weniweni, amake enieni, kenako n'kuimba kuti ndiye wotcheza kachasu amene anachititsa khungu mbuzi ya amfumu. Mkatekisiti anamupatsa akazi atatu ndi chindoko. Anyamata a mfuti aja anayamba kuseka, wina mpaka kuvina ndi mapewa. Mizati inali yoona, denga lokha ndi limene ankafolera ndi bodza, ndipo ankafolera mofulumira, thukuta likugwera pamawaya.

Asanafike pa Feli, kumandanti anali atagwira kale dzanja lake, akulitembenuza ngati nsomba ya pamsika. "Awa ndi manja a khasu awa? Uyu ndi pulofesolo."

A Zuze anaseka chikhakhali, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba. Anakwapula mawaya n'kuimba:

Uyu ndi Feli, mwana wa wochapa,
manja ofewa ngati matako a khanda.
Khasu likamuona limalira umasiye,
nkhuku za eni zikamuona zimatsanzika.
Amake amachapa zofunda za alendo,
iye amatsuka matumba a alendo.

Anabwereza kawiri, anyamata aja akuvomera. Kenako analavula malovu pamapazi a mwana wanga. "Bwana kumandanti, pulofesolo wa chiyani? Uyu ngakhale dzina lake amasaina ndi chala, chala chomwecho n'kuba nacho cholembera. Mukamutenga uyu, mawa gulu lonse lidzuka lopanda nsapato."

Kumandanti anatembenukira kwa ine. "Mayi, n'zoona?"

"N'zoona, bambo," ndinatero. "Ndinabala mbava."

Anamumenya Feli khofi, wina anamuponda n'kumugwetsera m'ngalande, ndipo anapitirira.

Womaliza pamzere anali wa malaya abuluu. Kumandanti sanali chitsiru. Anaika khutu pakamwa pa bamboyo n'kumuuza kuti amunong'oneze dzina lake. Atamva, anawongoka. "Imbani, madala."

Bangwe inalira, inaliranso, mawu osatuluka. "Uyu ndi... uyu ndi mwana wa..." Anayesa dzina lina, Antonyu, dzina lopezeka paliponse. Kumandanti anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Munthu amene a Zuze sakumudziwa si wa kuno. Ngati si wa kuno, watumidwa."

Anapita naye kuseri kwa chulu, ndipo bamboyo sanabwereko. Mfuti sitinaimve, zipolopolo ankazisunga. Wina anadula luzi la kasutikesi kaja n'kukakhuthula pamsewu. Munali shuga pang'ono, diresi la kamtsikana, ndi tinsapato tatsopano tiwiri tomangidwa pamodzi.

Anaotcha kamiyau, anasenzetsa achinyamata matumba a nandolo, ndipo a Zuze anawatenga ndi bangwe yawo kuti azikawaimbira kumsasa. Feli anamusiya m'ngalande. Mbava sankaifuna.

Otsalafe tinadula m'tchire mpaka kuoloka ku Muloza, tsidya la Malawi, kumene kunali misasa ya othawa. Kumeneko nyimbo ija inatipeza. Oyamba kuiimba anali a pagalimoto paja, pofotokozera anzawo mmene tinapulumukira. Koma nyimbo ikachoka pakamwa pachiwiri imasiya nkhani yake m'mbuyo. Posakhalitsa ana ankaiimba potunga madzi, amayi posinja. Bulangete la munthu likasowa, mphika ukasowa, ankabwera pa chisakasa chathu. Feli anamenyedwa pamzere wolandira ufa anthu akuomba m'manja, manja ofewa, manja ofewa. Sakanatha kuimirira n'kunena kuti ine ndine mphunzitsi, chifukwa makutu a m'tchire ankaoloka mtsinje tsiku lililonse atavala ngati ife. Mkazi wake anatopa ndi manyazi, anabwerera kwa abale ake n'kundisiyira khanda.

Mvula itatha a Zuze anatulukira mumsasa, opanda bangwe, opanda nsapato m'khosi, dzanja lamanja lokulungidwa m'chiguduli. Atalimasula panatsala chala chachikulu ndi kachala kakumapeto. Aliyense wofunsa ankamuuza zake: ng'ona, mkazi wansanje, kapena kuti anasinthanitsa ndi mchere. Zoona zake anapita nazo kumanda.

Anafika pa chisakasa chathu Feli akusoka thumba. "Pulofesolo," ananong'ona, "muli moyo?"

Feli sanadzutse mutu. "Munandipha inu. Akanandiwombera ndikanafa kamodzi."

"Wakwiya, amake Feli?" anandifunsa. Ndinati mukuona nokha. Anagwedeza mutu ngati munthu wolandira malipiro ake. "Zikomo. Akufa sakwiya."

Isanathe nyengo imeneyo Feli anakwera basi ya ku Limbe. Anandiuza kuti akaima pamene adzapeze kuti nyimbo ija sinafike. Sanabwerenso, ndipo uthenga sunabwere, popeza wonyamula mauthenga analibenso zala. Mwana wake ndinamulera ine. Anakwatiwa kutali, ku Nampula.

A Zuze mumsasa sanakhalitse. Asilikali a boma atalandanso tauni ya Milange, nkhondo idakali m'midzi, anaoloka kubwerera pa sitepe yawo. Pensau inali itapsa, denga kulibe, m'zipinda mukumera chisoso. Ine ndinkaoloka masana kukazonda munda wanga, ndipo ndinkawasiyira chinangwa chophika, osati chifukwa cha chikondi, koma munthu sungamudutse ngati chitsa. Sankaimbanso. Ankangoimitsa aliyense wodutsa, wapansi, wanjinga, ngakhale msilikali: dzina ndani, kwanu n'kuti, anakubala ndani. Akamva ankalibwereza chapansipansi mpaka litakhazikika. Asilikali anawamenyapo poganiza kuti ndi kazitape. Kutacha anali pomwepo, diso lotupa, akufunsa.

"Simunakhute nawo mayina?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Uja wa malaya abuluu, amake Feli. Akanangondiuza dzina. Dzina lokha basi. Zotsalazo ndikanafolera."

"Inunso mukanatseka pakamwa pamsika paja, mwina mtengo uja sukanagwa pamsewu."

Anayang'ana dzanja lawo. "Mwina," anatero.

Sindinawathokozepo, ndipo sindinawakhululukirepo. Mpaka lero sindidziwa ngati pakamwa pamene panapulumutsa mwana wanga si pomwepo panaitana mfuti. Mwina anaulula wothandiza dalaivala, mwina wamalonda wina wanjiru, mwina palibe. Ndimaziyeza mbali zonse ngati ndalama yokayikitsa, sizindipatsa yankho.

Anamwalira nkhondo isanathe, m'mawa wina wa chiperoni, nkhungu itatsika m'Tumbine mpaka kubisa msewu. Ndinawapeza atakhala, atatsamira khoma, maso ali kumsewu. Tinawaika anthu ochepa kuseri kwa thanki ya madzi, pamalo pomwe paja azakhali anandichenjezera. Wansembe kunalibe. Mkatekisiti uja wa akazi atatu abodza ndiye anapemphera, akulira.

Pansi pa chithunzi chawo, anyamata a ku Kelimane alemba ndi zilembo zazikulu mawu a nyimbo imene akuti inatchuka koposa: manja ofewa ngati matako a khanda. Ndi imene ana asukulu anavina tsiku lija, akuluakulu akuseka. Amaiyesa ya pa ukwati.

Sitepe ija ilipobe. Ojambula anaidonthezera penti yachikasu, koma kumanzere kwake kukuonekabe kuterera kumene thupi la munthu mmodzi linadya simenti. Palibe amakhalapo. Ogulitsa nthochi amayala pakati, mbuzi zimagona pamwamba, koma pangodya ija pamangogwa masamba. Dzuwa la m'mawa limafikabe pamenepo poyamba. Maminibasi amadutsa, njinga zosenza matumba zimatsikira kumalire, anthu ochuluka kuposa kale, ndipo palibe wowaimitsa. Mnyamata wa jekete amangowasekerera.

Inu amene mukuwerenga, mukadzatsika pamenepo kudzaona chithunzi, mutembenuke. Nyumba ya mpanda wa bango, ya chitseko chobiriwira, ndi yanga. Ndimakhala ndekha, ndipo maondo ayamba kundikana. Mudzayang'ane ngati utsi ukutuluka. Ngati sukutuluka, mudzagogode kwambiri. Sindidzatsegula msanga, ndipo chimene mwanditengera ndidzachinunkhiza. Mudzaime panja pomwepo, munene dzina lanu, kwanu, ndi amene anakubalani. Kukukhulupirirani sindidzakukhulupirirani, koma dzinalo ndidzalisunga. Ndipo ngati kumene mukuchokera munaonako bambo wa imvi, wa manja ofewa, amene amatuluka panja nyimbo ina ikayamba, mudzayambe ndi zimenezo.